Kudya za Pensulo mu Johannesburg: Ntchito, Malipiro ndi Dzina Lanu Pachikuto

Amalawi a dzanja lojambula tilipo ambiri muno mu Johannesburg, kungoti ambiri masana ali m'magaladeni a ku Randburg, m'mashopu a ku Fordsburg ndi Mayfair, kapena pamakwerero akupaka penti nyumba za eni. Luso lawo limangoonekera kumapeto kwa kope, kapena pachikwangwani cha saluni ya mnzawo chomwe anajambula ulere. Akamva kuti ine lendi ndimalipira ndi zithunzi za m'mabuku, amandifunsa poyambira, ndipo ambiri amayembekeza kuti ndiwauza za kompyuta yoti agule. Za kompyuta nditchula, koma mongodutsa. Chimene chimasiyanitsa amene akudya za pensulo ndi amene akungowomberedwa m'manja pa WhatsApp ndi zimene mumagwirizana ndi kasitomala polemba, musanakoke kamzere ndi kamodzi komwe. Ndalama zili pamenepo, dzina lanunso lili pomwepo.

Muyambe mwaidziwa ntchito imene mukulowayi. Alipo ojambula amene amapenta zakumtima kwawo n'kukapachika ku gallery ya ku Rosebank kudikira wogula. Ife si amenewo. Ife timajambula potumikira mawu a munthu wina: nthano ya ana, buku la sayansi la Grade 4, kapepala ka kuchipatala kophunzitsa kamwedwe ka mankhwala, katuni ya m'nyuzipepala, chithunzi cha papaketi ya tiyi, ngakhalenso ma storyboard, zithunzi zotsatizana zosonyeza mmene filimu iyendere, amene makampani otsatsa malonda a ku Sandton ndi Bryanston amafuna asanatulutse makamera. Mwini ntchito amakupatsani mawu, kukula kwa tsamba ndi tsiku loti mupereke. Mukatsiriza adzanena kuti mphuno ya agogowo ichepe, ndipo mudzaichepetsa. Ngati mtima wanu sulola kuti wina akonze chomwe mwajambula, ntchito iyi idzakudwalitsani.

Imene imabwera kawirikawiri ndi ya mabuku a sukulu ndi ya mabungwe a zaumoyo ndi maphunziro. Siyotchukitsa munthu, koma ndi imene imagula ufa. Ya otsatsa malonda imalipira bwino koposa, koma amaifuna dzulo, ndipo dzina lanu silioneka paliponse. Mabuku a nthano za ana ndiwo amapereka dzina, ndalama zake n'zochepa. Ambiri a ife timasakaniza zitatu zonsezi.

Zoti muonetse

Palibe mkonzi kapena art director, woyang'anira zojambula, amene anandifunsapo satifiketi. Amafuna portfolio, kutanthauza zojambula zanu zosankhidwa zoonetsa luso lanu, basi. Zithunzi 12 kapena 15 zakwana, ndipo chilichonse chikhale cha mtundu wa ntchito imene mukufuna kupatsidwa.

Apa ndi pamene anzanga ambiri amaphonya. Amadzaza portfolio ndi nkhope za oimba ndi osewera mpira zokopera pafoni, zosalala mpaka kuoneka ngati za kamera. Luso lilipo ndithu, koma wosindikiza mabuku alibe nazo ntchito. Iye akufuna aone ngati mungapange mwana wongomupeka m'mutu, n'kumusunga yemweyo masamba onse. Choncho pangani mwana mmodzi, mwina kamtsikana ka tsitsi loluka mizere, ka dzino limodzi loguluka kutsogolo. Kajambuleni kakuthamanga, kakulira, katakwiya, katatembenuka kumbuyo, komanso mokayang'ana kuchokera padenga. Wina akangoona aziti ndi komwe kaja. Onetsani manja poyera, osawabisa m'matumba kapena kumbuyo, chifukwa akonzi amadziwa kuti wobisa manja ndiye kuti amamuvuta. Pakhalenso nkhalamba, galu kapena mbuzi, ndi chithunzi chimodzi cha khamu la anthu.

Cha khamucho musachipeke muli m'chipinda. Tengani kope laling'ono mukakhale pambali pa renki ya matakisi ya ku Bree kapena ya ku Noord, foni ili m'thumba lamkati. Muone mayi wowotcha chimanga mmene amakupizira makala ndi kachidutswa ka katoni, nkhope ataipotolera kumbali kuthawa utsi. Muone bambo wa ovololo amene wakweza chala chimodzi m'mwamba kuimitsa takisi yopita m'tauni, thumba la Shoprite litapachikika pachigongono, ndi mwana wa yunifolomu amene sokosi imodzi yatsika mpaka pakakolo. Zinthu zoterezi ndi zimene wojambula wa kutali, wongodalira zithunzi za pa intaneti, sangazipeze, ndipo ndi zimene zimachititsa mkonzi kuimika chala patsamba lanu. Inu mulinso ndi nkhokwe yachiwiri imene anzathu a kuno alibe. Mumadziwa kamangidwe ka chitenje poberekera mwana, kakhalidwe ka anthu pamaliro, kaonekedwe ka msika wa kumudzi dzuwa likupendeka. Mabungwe ambiri amene ali ndi maofesi muno amapanga mabuku opita kumaiko ena a kuno kummwera, ndipo amasowa munthu wodziwa zimenezo.

Zonsezi muziike mu PDF imodzi yopepuka yoti itseguke ngakhale pafoni, ndiponso pa Behance kapena Instagram. Tsamba la ntchito likhale la ntchito. Zithunzi za phwando la kubadwa ndi ndale za kumudzi zipite kwina. Polembera osindikiza mabuku monga Jacana Media kapena Pan Macmillan muno, ngakhale Oxford University Press ndi NB Publishers ku Cape Town, yambani mwawerenga pawebusaiti yawo mmene amalandirira zojambula, kenako kalata yanu ikhale ya mizere inayi kapena isanu. Mbiri ya mavuto amene munakumana nawo pa Beitbridge musaiikemo. Akapanda kuyankha, dikirani miyezi ingapo mutumize zatsopano.

Zida ndi mafayilo

Pensulo, inki ndi pepala labwino zikadali ntchito, bola mukhale ndi scanner yabwino kapena malo odalirika okachitira scan. Wofuna kujambula pakompyuta angayambe ndi laputopu yakale ndi tabuleti yojambulira ya Huion, XP-Pen kapena Wacom yaing'ono. Pulogalamu ya Krita ndi yaulere ndipo imakwanira. Procreate ndi yabwino koma imayenda pa zida za Apple zokha. Musalowe ngongole ya iPad musanapeze kasitomala.

Chimene chingakuchotseni pamndandanda wa wosindikiza msanga ndi fayilo yolakwika. Chithunzi chopita kumakina osindikizira chikhale cha 300 dpi, timadontho 300 pa inchi iliyonse, pa kukula kwake kwenikweni. Chizipyola malire a tsamba ndi mamilimita atatu mbali zonse, ena amafuna asanu, poti mpeni wodulira mapepala sugwa malo amodzimodzi nthawi zonse. Osindikiza amati bleed. Pachithunzi chotambalala masamba awiri, pakati pomwe bukulo limapindika pasakhale nkhope kapena chinthu chofunika, chingamezedwe ndi msoko. Siyani malo opanda zambiri oti mawu akhalepo, ndipo mufunse kuti bukulo lidzatuluka m'zinenero zingati, chifukwa chiganizo chachifupi m'Chingerezi chimatalika chikapita m'Chizulu kapena m'Chichewa. Mawu a pazikwangwani za m'chithunzi akhale pa layer yakeyake, gawo losanjikiza pamwamba pa chithunzi m'fayilo, kuti adzawasinthe mosavuta.

Nkhani ya khungu ndiyo ndikufuna muisamale kwambiri. Pasikirini mitundu imawala chifukwa kumbuyo kuli kuwala. Papepala ndi inki zinayi za CMYK, yabuluu, yofiirira ya magenta, yachikasu ndi yakuda, ndipo khungu lathu lakudali, mukalipanga pothira inki yakuda yambiri, limatuluka lothimbirira, maso ndi pakamwa osaoneka bwino. Lipangeni ndi chikasu ndi magenta, yakuda pang'ono chabe, ndipo pamphumi ndi m'masaya pakhale powala. Musanatumize, kasindikizeni tsamba limodzi pashopu ya mafotokope, muliyang'ane panja padzuwa.

Buku loyamba

Wosindikiza amafuna munthu amene anajambulapo buku, koma buku loyambalo akupatseni ndani? Njira ina yabwino ndi Book Dash, bungwe lomwe linayamba mu 2014. Limasonkhanitsa wolemba, wojambula ndi wokonza masamba kuti apange buku la ana m'maola 12, tsiku limodzi, mongodzipereka. Amayamba aitanitsa ofuna, n'kusankha poona portfolio. Salipira, ndipo bukulo limatuluka pansi pa chilolezo cha Creative Commons chotchedwa CC BY, kutanthauza kuti aliyense angalisindikize kapena kulimasulira popanda kukupemphani. Koma chilolezo chomwecho chimalamula kuti dzina lanu lizitchulidwa kulikonse kumene bukulo lapita. Palinso African Storybook ya bungwe la Saide la muno mu Johannesburg, yomwe ili ndi nthano zaulere m'zinenero zambiri za mu Africa, chathuchi chili momwemo. Kumeneko mungaone mmene anzathu amagawira nthano m'masamba.

Ulere wa mtundu umenewu ndimauvomereza chifukwa malamulo ake ali poyera, mabuku amafikadi kwa ana, ndipo mumatuluka ndi chinthu chogwirika chokhala ndi dzina lanu. Ulere umene ndimakana ndi wa bwana wa bizinesi amene akuti mujambule kaye, anthu akuonani, ntchito zambiri zikubwera. Iyeyo amalipira wosindikiza, amalipira wa thiransipoti, ndiye wojambula yekha ndi amene adye kuonedwa? Chimodzimodzi mipikisano ya makampani yoti anthu ambirimbiri ajambule logo, wopambana mmodzi n'kulandira kangachepe, zojambula za onse n'kukhala za kampani. Werengani malamulo ake mpaka pansi.

Chithunzi n'cha yani

Apa ndikhalitsapo, chifukwa ndi pamene timaluzira.

Lamulo la dziko lino pa umwini wa zaluso ndi Copyright Act nambala 98 ya 1978. Mukajambula chithunzi chochokera m'mutu mwanu, umwini ndi wanu nthawi yomweyo. Palibe ofesi yokalembetsa, palibe chidindo chofunika. Umwiniwo umakhala moyo wanu wonse ndi zaka zina 50 mutamwalira, ndiye kuti ndi chuma chosiyira ana. Kukhala mlendo sikukulandani zimenezi, poti Malawi ndi South Africa onse ali m'pangano la Berne lotetezerana zaluso.

Koma gawo 21 la lamuloli lili ndi misampha iwiri yotikhudza. Ngati mwalembedwa ntchito ya pamwezi ndipo kujambula ndi mbali ya ntchitoyo, zimene mwajambula ndi za abwana anu. Wachiwiri ndi wa nkhope. Munthu akakutumani kuti mujambule chithunzi cha nkhope ya munthu, n'kukulipirani kapena kulonjeza kulipira, umwini ndi wake. Inu amene mumajambula nkhope za maukwati ndi za pamaliro, dziwani zimenezo. Misampha yonse iwiri ingapewedwe mukagwirizana zina polemba. Kupatula pamenepo, kasitomala amene wakutumani kujambula kalulu wa m'nthano kapena msika wa pachikuto sakhala mwini wake chifukwa chongolipira. Gawo 22 limati umwini susamuka pokhapokha mwiniwake atalemba ndi kusaina. Mawu a pafoni sausamutsa, ngakhale a pamaso.

Tsono chimene timagulitsa kwenikweni ndi chilolezo chogwiritsa ntchito chithunzi. Nonse mumaidziwa nyumba ya lendi: mumagonamo, mumaphikamo, koma simungaigulitse kapena kugumula khoma, ndipo nthawi ikatha mumakambirananso ndi mwini wake. Layisensi ya chithunzi imayenda choncho, inu ndinu landilodi. Musanatchule mtengo, mufunse kuti chithunzicho achigwiritsa ntchito pa chiyani, m'dziko liti, kwa nthawi yaitali bwanji, komanso ngati akufuna kuti pa nthawiyo wina aliyense asachigwiritse ntchito. Mayankho ake ndiwo alowe mu kotesheni yanu, mwachitsanzo kuti zithunzi 10 za m'kabuku kosindikiza, makope osapitirira 5 000, mu South Africa mokha, kwa zaka zitatu, ntchito ina iliyonse tidzakambirana mtengo wake. Chiganizo chimodzi chimenecho n'chamtengo kuposa tabuleti yanu.

Bungwe lina linandituma zithunzi za kabuku kophunzitsa amayi oyembekezera. Patapita nthawi ndinaona mayi wanga wa duku lachikasu uja atakula msinkhu wa nyumba pachikwangwani cha m'mbali mwa msewu, siginecha itadulidwa. Sindinakalipe. Ndinawatumizira imelo yathu yakale pomwe panalembedwa kuti chilolezo n'cha kabuku kokha, pamodzi ndi invoice ya chikwangwanicho. Anadandaula kuti bajeti inatha, koma analipira. Pakanapanda mzere umene uja ndikanangodutsa pansi pake pa takisi n'kumauza anzanga kuti ndi ine ndinajambula, iwo n'kumaseka.

Makampani akuluakulu amabwera ndi kontirakiti yawoyawo ya m'Chingerezi cha maloya. Musachite nayo mantha, koma musasaine tsiku lomwelo. Fufuzani mawu awa: assignment of copyright, all rights, in perpetuity, work for hire. Onsewa akuloza kumodzi, kuti nyumba ija mukuigulitsa, osati kuichititsa lendi. Osindikiza mabuku a sukulu ambiri amaumirira zimenezi ndipo sasunthika. Ine ndimavomera nthawi zina, makamaka pa zithunzi zoti sindingadzazigulitsenso kwina monga za ziwalo za duwa kapena kayendedwe ka madzi, koma mtengo umakwera. Mwana amene ndamupeka ndekha, woti angadzakhale ndi mabuku ena kapena kupita pa TV, ameneyo sindimugulitsa.

Gawo 20 limakupatsani ufulu wina umene umatsala ngakhale umwini mwagulitsa: kutchulidwa kuti ndinu amene munajambula, ndi kukana kuti chithunzi chanu chisinthidwe moipitsa mbiri yanu. Makontirakiti ena amabisa kamzere koti mukusiya ufulu umenewu, mawu ake ndi waive moral rights. Kapempheni kachotsedwe. Masiku ano onjezaninso mzere woletsa kuti zithunzi zanu zigwiritsidwe ntchito pophunzitsa mapulogalamu a AI popanda chilolezo china. Ndipo kulikonse mulembetse kuti muli ndi ufulu woonetsa ntchitoyo mu portfolio ikatuluka.

Mtengo ndi kulipiritsa

Mtengo uyambire pa moyo wanu, osati pa nkhope ya kasitomala. Tiyerekeze kuti lendi, chakudya, thiransipoti, data ndi zotumiza kumudzi pa Mukuru zonse zikukwana R9 000 pamwezi. Simujambula masiku onse a mwezi, ena amathera kusaka ntchito, kulemba makalata ndi kuthamangitsa ngongole. Tinene kuti ojambula enieni ndi 15. Ndiye tsiku lanu silingatsike pa R600, ndipo mukaonjeza msonkho ndi kutha kwa zida lifika cha pa R800. Ngati chithunzi chotambalala masamba awiri chimakutengerani masiku awiri, pansi pake ndi R1 600. Buku la ana nthawi zambiri limakhala la masamba 32, zithunzi zotere 12 kapena kuposerapo pang'ono, ndiye muwerengere nokha musanavomere R5 000 ya buku lonse. Manambala awa ndi ongoyerekeza, ikani anuanu. Pamwamba pa mtengo wa thukutawo m'pamene pamabwera wa chilolezo: chithunzi chomwecho chikamapita pa malonda a banki dziko lonse sichingafanane mtengo ndi cha m'kabuku ka mpingo. Bungwe la odziyimira paokha la SAFREA limatulutsa malipoti a mitengo imene anthu akulipiritsa, muziwaona kuti musagwetse msika wa anzanu.

Kwa munthu wamba ndi bizinesi yaing'ono, theka patsogolo, ndipo pensulo isakhudze pepala ndalamayo isanaonekere mu akaunti. Meseji ya umboni wa malipiro si ndalama, muno anthu amazipanga pafoni. Osindikiza akuluakulu amalipira m'zigawo, posaina, popereka zongolembalemba zoyamba, ndi popereka zomaliza. Ena amapereka royalty, gawo la ndalama za buku lililonse logulitsidwa, ena mtengo umodzi basi. Pa buku la zithunzi lomwe theka la nthano lili m'zojambula zanu, funsani za royalty mosachita manyazi.

Zongolembalemba zoyamba zija, ma rough, ndiye pokanganirana. Kasitomala asinthe zonse zimene akufuna pamenepo, avomereze polemba, kenako muthire mitundu. Mulembe kuti kusintha ndi maulendo awiri, lachitatu ndi lolipira, apo ayi mudzajambula chipewa chimodzi mpaka Khirisimasi. Mulembenso kuti ntchito ikaimitsidwa pakati, mulipidwa gawo limene mwagwira. Poonetsa ntchito tumizani mafayilo ang'onoang'ono, akuluakulu apite ndalama yomaliza ikalowa, kapena kwa kampani yaikulu, mukalandira nambala ya purchase order, chikalata chotsimikiza kuti akutumani ntchitoyo. Popanda nambala imeneyo invoice yanu imangozungulira m'maofesi, ndipo masiku 30 amene amalonjeza kuti akhala atalipira aja sayamba n'kuwerengedwa komwe.

Makampani amafuna akaunti ya kubanki, nambala ya msonkho ya ku SARS, ndi mapepala osonyeza kuti mukuloledwa kugwira ntchito muno. Ndikudziwa kuti kwa ambiri a ife pamenepa ndi pamene pali phiri. Komabe musalandirire ndalama mu akaunti ya msuweni kapena kulemba invoice m'dzina la mnzanu wa ID. Tsiku la mkangano mapepala onse adzanena kuti wojambula ndi iyeyo.

Wokana kulipira mungamutengere ku Small Claims Court, kukhoti la majisitireti la dera lake. Mu 2019 malire a ndalama zodandaulira kumeneko anakwezedwa kufika pa R20 000. Maloya saloledwa, mumadzilankhulira nokha, ndipo mumayamba mwamupatsa kalata yomulamula kulipira pasanathe masiku 14. Ambiri amalipira akangoona kalatayo.

Dzina

Sankhani dzina limodzi ndipo mukhale nalo. Jonathan Shapiro dziko lonse lino limamudziwa kuti Zapiro chifukwa zaka zonsezi pakona pa katuni iliyonse pamakhala dzina lomwelo, kalembedwe komweko. Inu mukakhala wina pa Instagram, wina pa invoice, winanso pachikuto, wokufunani adzatopa. Ndipo musalifupikitse dzina la makolo anu pofuna kuti lipepuke pakamwa pa anthu a kuno. Ngati amatha kutchula mayina a osewera mpira a ku Ulaya, lanunso aphunzira.

Mu kontirakiti mulembe mmene dzinalo lilembedwere ndi pomwe likhale. Pa buku la zithunzi likhale pachikuto pambali pa la wolemba, osati mkati mokha mwa tizilembo ting'onoting'ono. Pemphani kuti lilowenso m'zimene wosindikiza amatumiza kumashopu ndi kumalaibulale, chifukwa mabuku ambiri pa intaneti amaoneka ndi dzina la wolemba yekha. Siginecha yanu isakhale m'mphepete penipeni, mpeni uja udzaidya, ilowe mkati pang'ono, pamalo poti kuidula kuwononge chithunzi. Mufunsenso makope anu aulere, ndipo buku likamakhazikitsidwa mupiteko, mukhale kutsogolo. Ana amakonda kuona munthu akujambula pamaso pawo kuposa kumva zolankhula, ndipo aphunzitsi amene ali pomwepo ndi amene adzakuitaneni kusukulu zawo.

Kuonekera pamaso kumathandizabe kuposa kutumiza maimelo. Comic Con Africa, yomwe inayamba mu 2018 ku Kyalami ndipo pano imachitikira ku Nasrec, ili ndi malo otchedwa Artist Alley pomwe ojambula amalipira tebulo n'kumagulitsa zawo. Tebulo mungagawane ndi mnzanu ngati malamulo a chaka chimenecho akulola. Ku Victoria Yards ku Lorentzville kumakhala msika Lamlungu loyamba la mwezi, ndipo ma studio amatsegula zitseko. Jozi Book Fair ya a Khanya College imasonkhanitsa osindikiza ang'onoang'ono, amene savuta kuwafikira. Wofuna kuphunzira kudinda zithunzi pamanja afunse ku Artist Proof Studio, yomwe Kim Berman ndi malemu Nhlanhla Xaba anayambitsa mu 1991. Kulikonse kumeneku nyamulani timakadi tokhala ndi chithunzi chanu chimodzi chabwino kwambiri kutsogolo, nambala kumbuyo.

Za mphoto ndinene mwachidule. Nthambi ya kuno ya IBBY, bungwe la padziko lonse lolimbikitsa mabuku a ana, imalemekeza ojambula mabuku a ana paokha, osati olemba okha, ndipo mphoto yaikulu ya bungweli padziko lonse, ya Hans Christian Andersen, yakhala ndi gawo la ojambula kuyambira 1966. Chionetsero cha mabuku a ana cha ku Bologna ku Italy chili ndi chionetsero cha ojambula chomwe chinayamba mu 1967, ndipo amapempha zithunzi zisanu. Ku mbali ya otsatsa malonda kuli mphoto za ma Loeries, komwe amalowetsa ntchito ndi makampani, ndiye muwakumbutse kuti pafomu alembe dzina lanu. Zambiri mwa mphoto za mabuku amalowetsa ndi wosindikiza, choncho mufunseni ngati watumiza. Mpikisano wofuna ndalama zambiri zolowera, m'madola, ine ndimaudutsa.

Kalembetseninso ku DALRO, bungwe la muno lomwe limatolera ndalama za eni zolemba ndi zojambula pamene ntchito zawo zikukopedwa, monga m'mayunivesite. Kwathu ntchito yotere ili m'manja mwa COSOMA. Ndipo apa mpamene mzere uja wa "mu South Africa mokha" umabala zipatso: zithunzi za nthano zomwe munapereka chilolezo kuno zikadali zanu ku Malawi, ndipo mungakambirane ndi wolemba ndi wosindikiza wa ku Blantyre kapena ku Lilongwe kuti zitulukenso m'Chichewa, mulipidwe kachiwiri.

Kuti zimenezi zitheke muyenera kudziwa chimene munapereka kwa yani. Mafayilo akhale malo awiri, pa hard drive ndi pa intaneti, chifukwa laputopu muno imabedwa ndipo magetsi akabwera mwamphamvu amapsereza zida. Zojambula za papepala musazipereke kwa kasitomala pokhapokha atazigula padera. Mukhale ndi kope limodzi lolembamo ntchito iliyonse: dzina la kasitomala, zithunzi zingati, chilolezo cha chiyani, ndi tsiku lomwe chikutha. Kukatsala mwezi umodzi kuti chithe, lembani kameseji kaulemu kowakumbutsa kuti chilolezo cha zithunzi zija chikutha pa tsiku lakuti, ndipo ngati akufuna kupitiriza kuzigwiritsa ntchito, mtengo wa zaka zina zitatu ndi wakuti. Ena amayankha kuti zithunzizo anasiya kuzigwiritsa ntchito, ndiye kuti mwamasuka kuzipereka kwina. Ena amangofunsa kuti invoice itumizidwe kwa yani.